Tepi Yanga mu Bini ya Mkamwini

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsiku loyamba kugalaja kwa mkamwini. Ndabwerako msana ukuwawa ngati ndimaswa miyala, chonsecho chomwe ndanyamula tsiku lonse ndi tepi basi.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikujambula mapulani a nyumba, pa tebulo, ndi pensulo ndi rula. Ofesi itatsekedwa mu Januwale ndinati ndiyambe ndapuma. Kupumako kwakwana miyezi isanu ndi iwiri ndipo amayi akunyumba atopa nane. Akuti ndimawatsata mpaka kukhitchini kukawawongolera kaikidwe ka mbale. Ndiye iwo ndi Mzime, mwana wanga wotsiriza, anapangana kumbali kuti ndizikathandiza mwamuna wake. Iye sakonza injini. Ntchito yake ndi kutsuka galimoto ndi kupolisha penti ndi makina. Ndizingomulemba Mk., dzanja latopa.

Mk. wandilandira ngati kwabwera nduna. Mpando, tiyi, ovolosi yatsopano ikadali m'pepala mwake. Ine maso anali pa makina aja ozungulira, okhala ndi siponji kutsogolo. Iye kundipatsa mpukutu wa tepi yabuluu, yapepala.

"Bambo, tisanayatse makina timayamba taphimba." Amalankhula akuyang'ana nsapato zanga. Zophimba zake: rabala wa m'mawindo, pulasitiki yakuda ya pabampala, mabaji a dzina la galimoto, ndi mipata yonse imene chitseko chakumana ndi thupi la galimoto. Akuti polishi akalowa m'pulasitiki amasiya zoyera zovuta kuchotsa. Siponji ikakhudza rabala imada, nkupaka zakudazo pa penti. Ndipo m'mphepete mwa chitsulo penti amakhala wopyapyala, makina amangomudya.

Ndamuuza kuti ngati ndi nkhani ya mizere asade nkhawa, mizere ndi imene yalera mkazi wakeyo. "Nchifukwa chake takondwa, bambo."

Wachitatu pagalajapo ndi mlongo wake wamkulu, amene amatsuka m'kati mwa galimoto. Aliyense amangoti Achemwali, ngakhale makasitomala. Atamva za mizere ija anangoti "he!" nkuyatsa makina awo okoka fumbi.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Pikapu yoyera ya munthu wina wogulitsa nkhuku. Fungo lake sindinena. Mbali yonse ya kumanzere ndaphimba ndekha. Ndinapita ndi pensulo yanga kukhutu. Ndimayamba ndaika kadontho pa tepi, poyambira ndi pothera, kenako nkuikoka kuti ithine, mzere uwongoke ngati khoma. Vuto nlakuti galimoto ilibe khoma. Paliponse pangokhota. Amene anajambula pikapu imeneyi sanagwirepo rula chibadwire.

Nditamaliza, Mk. wazungulira kuyang'ana, manja kumbuyo. "Zili bwino, bambo. Zili bwino kwambiri." Kenako wandipempha, ndi ulemu wonse, kuti ndikagule tinsalu topukutira kusitolo ya kuseri kwa msewu. Pobwerako ndapeza makina akulira kale.

Ndafunsa kuti ine makinawo ndigwira liti. "Posachedwa, bambo. Panopa tapumaniko." Kupuma! Ndachokera kopuma ine.

Maondo akuwawa. Mawa ndipita ndi katsamiro kakale kogwadapo, amayi akunyumba asakaone.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Tepi, tepi, tepi. Ndatumidwanso tinsalu. Kodi tinsalu timeneti amadya?

Lachinayi, 7 Ogasiti

Sindine mwana ine.

Lero ndaphimba kagalimoto kobiriwira ka mayi wina wophunzitsa anthu kuyendetsa. Nditamaliza, nyimbo yake yomwe ija: zili bwino bambo, tsopano sopo watithera. Ndinanyamuka, koma nditafika pakona ndinazindikira kuti chipewa ndaiwala, dzuwa lili phwee. Nditabwerera, podzera njira ya kuseri, sindinalowe. Ndinaima kuseri kwa chitseko chachitsulo.

Mk. anali atagwada pamene ndinagwada ine, akumatula tepi yanga yonse. Mofulumira, akucheukacheuka ngati wakuba. Amaikulunga m'manja, kuponya mu bini, nkumata ina. Mphindi khumi zokha, ntchito imene yanditengera ine maola awiri. Achemwali ataima pageti ngati mlonda, koma amayang'ana mbali imene ndinalowera.

Ndinapita kukagula sopo opanda chipewa.

Madzulo Mk. ali pafoni ndinatsegula bini. Mibulu ya tepi yabuluu, ina ya lero, ina ya dzulo, ina ya dzana. Timadontho tanga ta pensulo tikuoneka bwinobwino. Ndipo pashelefu ya kuseri kwa ndowa pali mulu wa tinsalu tosatsegula, tokwana kupukutira basi.

Masiku anayi ndakhala ndikugwada pachabe. Ndipo tsiku lililonse, "zikomo bambo, mwatithandiza." Akanangondimenya mbama bwenzi zili bwinoko.

Kunyumba sindinanene kanthu. Afunsa kuti bwanji simukudya, ndati m'mimba.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Nthawi ya nkhomaliro Mk. anapita kukatenga polishi. Ndinatsala ndi Achemwali, iwo atakhala pa ndowa yovundikira. Ndinangowafunsa mosazungulira kuti tepi yanga ili ndi vuto lanji.

"Mwaona eti?" Sanadabwe nkomwe. "Bambo, mufuna ndikuuzeni za ulemu kapena zoona?"

Ndinati zoona.

"Mumaikoka kwambiri. Tepi yokokedwa imafuna kubwerera kwawo. Mukangotembenuka, pokhota ponse yatukuka. Makina akafika pamenepo amangoinyamula."

Akuti Lachiwiri Mk. sanamatule yonse, anasiya ya pabampala ya pikapu kuti ndisazindikire. Siponji inaitukula, polishi nkulowa m'pulasitiki. Iwo ndi amene anakhala ola lathunthu akukwecha zoyerazo ndi mswachi, ine ndili kogula tinsalu. Anandionetsa chala chawo chachikulu, chasupuka.

China, akuti ndimalowetsa tepi kwambiri pa penti, pafupifupi chala chathunthu. Ndiye pomatula pamatsala kamzere kosapolishidwa kuzungulira windo lonse, ngati galimoto yavala mkanda.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji mwini wake osandiuza.

"Akuuzeni bwanji? Munamupatsa mkazi inu. Uja akamva kuti mukubwera amasita malaya. Ine ndinamuuza kuti manyazi anapha lambe, sakumva."

Ndinakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Ku ofesi kuja abwana ankabweza pulani italembedwa ndi cholembera chofiira paliponse, ndipo mawa lake unkadziwa chochita. Apa ndikusungidwa ngati dzira.

Madzulo ndinawafotokozera amayi akunyumba. Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ndiye mukudandaula kuti mkamwini sakukukalipirani? Anzanu amapempherera mkamwini wotere." Ndinati ine sindikufuna kukalipiridwa, ndikufuna kuphunzitsidwa. Iwo, "Inuyo? Ndani anakuphunzitsanipo kanthu nkutsala wamoyo?"

Ndawasiya.

Loweruka, 9 Ogasiti

Kwabwera galimoto yakuda, yaitali, yatsopanoko ndithu. Mwini wake ndi bambo wamfupi wa dazi, amayenda ndi katochi m'thumba la malaya. Achemwali anamupatsa kale dzina, a Tochi. Masana dzuwa likuswa mtengo, iye kuunika penti ndi tochi, mphuno pafupifupi kugunda chitsulo. Akuloza timikwasa tosaoneka ndi maso a munthu wamba. "Aka. Aka. Ndi aka."

Ali ndi galimoto zisanu ndi ziwiri zobwereketsa. Akuti amene ankamupolishira kale anamusiyira zoyera m'mipata ya zitseko, anamuthamangitsa tsiku lomwelo. Iyi ndi yake yoyendera. Ikatuluka bwino Lachitatu, zinazo zizibwera kuno mwezi ndi mwezi.

Atachoka, Mk. anayenda mozungulira galimotoyo katatu osaigwira. Galaja iyi yangokwanitsa chaka, ndipo Mzime ndi wodwala, mwana akubwera mu Okutobala. Ndikudziwa zomwe zili m'mutu mwake.

Ndinati mpata ndi uno. Ndinamuitanira pambali.

"Akamwini, ndiuzeni. Tepi yanga ikuvuta?"

Maso pansi. "Ayi bambo. Tepi yake ndi imene ili yovuta, ya masiku ano guluu wake ngochepa."

Ndinati ndinakuonani Lachinayi mukumatula.

"Oo, ija? Inali itagwira fumbi, bambo."

Kunalibe mphepo Lachinayi. Ndinangomuyang'ana. Iye anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali paipi yomwe sanatseke.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Anabwera kudzadya nafe masana. Mzime mapazi atupa, wavala masilipasi a mwamuna wake. Patebulo akuti, "Adadi, akuti mukuwathandiza kwambiri. Akuti mizere yanu sanaionepo." Mk. anakwirira nkhope m'mbale. Amayi akunyumba anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Ndinati eya, nanenso sindiiona, imasowa ndikangotembenuka. Palibe anaseka kupatula amayi akunyumba, amene anathawira kukhitchini.

Mawa m'mawa Mk. aperekeza Mzime kusikelo.

Lolemba, 11 Ogasiti

Sindikufuna kulemba. Ndilemba.

Mk. anafika molawirira, watsuka galimoto yakuda, waiumitsa, waphimba yekha kutsogolo konse ndi kupolisha boneti ndi chitseko cha dalaivala. Cha m'ma 9 koloko anavula ovolosi. "Bambo, ndibwera isanakwane 12. Inu mungopukuta matayala." Matayala!

Atangotuluka ndinatenga tepi. Ndinati lero ndichita mmene ananenera Achemwali, osakoka. Ndinaphimba chitseko cha kumbuyo kumanja: rabala wa pawindo, chogwirira, ndi mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi. Koma ine ndi ine. Pofika pamene chitseko chakhota pamwamba pa tayala, tepi imachita makwinya, ndiye ndinaikokako pang'ono kuti igone. Pang'ono chabe.

Makina anali pabenchi, waya ali kale kumagetsi. Achemwali anali m'galimoto ina kunja, makina awo akubuula, sakanamva kanthu. Sabata yathunthu ndakhala ndikuonerera. Madontho anayi a polishi pa siponji, kupaka kaye pa penti, kenako kuyatsa. Ndinati chovuta nchiyani.

Ndisaname, mphindi zoyambirira zinali zokoma. Makina amanjenjemera m'manja ngati chamoyo. Nditapukuta pakati pa chitseko ndinaona nkhope yanga, imvi ndi makwinya omwe. Ndinati taonani, nkhalamba ija amaituma tinsalu.

Ndinatsikira kumunsi, kokhota kuja. Sindinaone kuti tepi yatukuka. Ndinangomva "phwa!", tepi yazengezeka pa siponji, makina andigwedeza nkupendekera m'mphepete mwa chitseko. M'malo mowachotsa ndinawakanikiza kuti asandipulumuke. Mwina masekondi atatu. Kafungo kopserera.

Nditazimitsa ndinapukuta ndi kansalu. M'mphepete penipeni, penti wakuda wachoka. Kabanga kotuwa, kotalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinapukutanso. Ndinapaka malovu. Kali pompo.

Ndinakhala pansi pa simenti.

Chimene ndinachita kenako ndi chimene chikundiwawa kwambiri. Ndinachotsa tepi yozengezeka pa siponji, ndinabwezera makina pabenchi mmene anakhalira, waya kuupinda chimodzimodzi. Kenako ndinadula tepi yatsopano nkumata pa kabanga kaja. Mosamala. Osakoka. Inagona bwino kuposa tepi iliyonse imene ndamatapo.

Mk. anachedwa, kusikelo kunali mzere wautali. Anafika 3 koloko ali mwee, akuti mwana ali bwino, amva mtima wake ukugunda. Ndinati tithokoze Mulungu. Anapeza matayala onse anayi akuwala.

Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, kubisa cholakwa ngati mwana wa Sitandade 2.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndinanyamuka kunyumba nditakonza mawu. Ndikafika, ndikamuuza tisanayambe ntchito. Nditafika ndinapeza akuimba mluzu. Ndinati ndidikire amalize mbali ya kumanzere. Atamaliza ndinati ndidikire amwe tiyi.

Anafika yekha pa chitseko chija. Anaima. Anaona pakati pake kuti pakuwala kale. Anagwada, kugwira tepi yanga ndi zala ziwiri, kuimatula pang'onopang'ono mmene amachitira, akuipindira kumbuyo. Mluzu unatha.

Anakhala chigwadire nthawi yaitali. Ine ndili kumbuyo kwake ndi kansalu m'manja. Ndinatsegula pakamwa, koma anandiyambirira.

"Aa, ndalakwitsa ine," anatero osatembenuka. "Dzulo ndinali pachangu."

Chitseko chimenecho dzulo sanachikhudze nkomwe. Akudziwa, ine ndikudziwa, ndipo akudziwa kuti ndikudziwa. Anandipatsa khomo lothawira, ndipo ine, mwamuna wamkulu, ndinatulukira pomwepo.

Achemwali anabwera kudzaona. Anayang'ana kabanga, anayang'ana mlongo wawo, kenako ine. Achemwali amene sasunga mawu anangobwerera kuntchito yawo. Tsiku lonse sanandilankhule. Tiyi wanga anangomuika pa benchi patali.

Polishi sangabwezere penti amene wachoka. Mk. anaimbira mnzake wopenta, akuti chitseko chonse chiyenera kupoperedwa, masiku atatu. Achemwali anati bwanji tingodontheza kapenti ka m'botolo, a Tochi sakaona. Mk. anati munthu wa tochi? Anatuluka panja kukamuimbira. Ndinamva "pepani bwana" kasanu.

A Tochi abwera mawa 10 koloko.

Lachitatu, 13 Ogasiti

A Tochi sanapereke ndi moni. Molunjika ku chitseko, tochi kuyatsa. Kabanga kaja pansi pa tochi kanaoneka ngati chilonda.

Anayamba motsitsa, kenako mawu anakwera mpaka amakaniko a galaja yoyandikana anasiya ntchito kudzasuzumira. Iwe umati ndiwe katswiri. Mwana wa sukulu amadziwa kuti m'mphepete umaphimba. Manja akowo ndi otsukira mabasi. Mk. ataima manja kutsogolo, "Ndalakwa bwana, tikonza ife, simulipira kanthu." A Tochi anayamba kuzizirako. Anati chabwino, aliyense amaphonya, ndione mmene mukonzere. Kenako anawonjezera kuti, "Koma bambo ako akanakuona bwenzi akuchita manyazi."

Bambo ake a Mk. anamwalira iye ali wamng'ono. Sindinathenso kupirira.

Ndinati, "Pepani bwana. Mwanayu sanalakwe. Makina ndinagwira ndine, iye kulibe. Ndinaphimba molakwika, ndipo nditawononga ndinabisa."

Ndinkaganiza kuti ndikukonza zinthu.

A Tochi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anafunsa kuti ndagwira ntchitoyi zaka zingati. Ndinati sabata imodzi ndi masiku atatu. Anatembenukira kwa Mk. "Ndiye galimoto yanga ndi yophunzirirapo? Ndipo wandinamiza pafoni, wandinamizanso pano maso ndi maso? Kuphonya ndimakhululuka. Bodza ayi." Anapempha makiyi. Anamatula yekha tepi yotsala pa bampala, kuitaya pansi, nkuliza galimoto.



Kenako Mk. anaphulika. Sindinamumvepo akukweza mawu chimukwatirire mwana wanga.

"Mukanangokhala chete, bambo! Zinali zitatha! Dzulo nthawi yolankhula munakhala chete, lero nthawi yokhala chete mwalankhula! Ndinakuuzani matayala! Matayala basi! Tepi mumakoka, mumamata pa penti wonyowa, simusindikiza m'mphepete, simupinda kumapeto, ine ndizivutika kutokosa ndi chikhadabo! Tsiku lililonse ndimagwira ntchito kawiri, yanga ndi yanu! Makina amenewa ine ndinakhala miyezi isanu ndi umodzi ndisanawagwire, miyezi isanu ndi umodzi ndikumata tepi basi!"

Anasiya. Anagwira pakamwa. Nkhope inasintha ngati waona njoka. "Bambo, pepani, ine sindi..."

Ndinavula ovolosi, kuipinda, kuiika pa mpando. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, osakwera basi. Njira yonse ndinali ndi mkwiyo. Mwana wa dzulodzuloyu. Koma pafupi ndi kunyumba ndinadzipeza ndikuwerenga pa zala: kukoka, ponyowa, kusindikiza, kupinda. Zinayi. Achemwali anangondiuza ziwiri, ndipo chimodzi chokha ndi chimene chili pa zinayizi.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Sindinapite.

Mzime anaimba m'mawa, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi. Akuti mwamuna wake sanadye chilichonse, akungoti watukwana apongozi, akufuna atume amalume ake adzapepese. Ndinati asavutitse amalume a eni. Akuti, "Adadi, inunso bwanji munagwira makina a eni ake?" Ndinati foni ikuduka.

Amayi akunyumba lero sanaseke. Anangoti, "Galimoto zisanu ndi ziwiri, abambo. Ndi mwana ali m'njira." Kenako anapitiriza kusita.

Masana ndinapeza kampukutu ka tepi m'thumba la buluku. Ndinakhala pakhonde ndi ketulo yakale, kuyesa kuzungulira chivundikiro chake. Ukapanda kukoka imachita makwinya. Ukakoka imatukuka. Ndiye munthu utani? Ndayesa mpaka tepi yatha. Safunsa anadya phula.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndinafika 7 koloko. Mk. anali akusesa. Atandiona tsache linagwa, anayamba kufunafuna mpando.

Ndinati mpando ayi. Ndinati, "Akamwini, ndakuwonongerani ntchito, ndakunamizani, ndakutayitsani kasitomala. Ndapepesa. A Tochi ndikawapeza ndekha, akandithamangitse ngati akufuna." Anayamba zake za ayi bambo, ine ndi amene. Ndinamudula. Ndinati Lachitatu lija ndi tsiku lokhalo limene mwandiphunzitsa kanthu. Ngati mukufuna ndibwerere kunyumba nenani, sindikwiya. Koma ngati nditsale, musadzanditumenso tinsalu.

Achemwali kuseri anati "he!"

Mk. anakanda m'mutu nthawi yaitali. Za a Tochi anati ndisapiteko msanga, munthu uja akadali wamoto, ndipo galimoto zake zinazo mwina zapita basi. Kenako analowa kuseri kwa galaja nkutulukako atasenza chitseko chakale cha galimoto, chofiira, chopindika pakona, rabala ndi windo zili pompo. Anachigoneka pa matayala awiri.

Anandionetsa kamodzi, pang'onopang'ono. Pokhota sagwiritsa tepi yaikulu ija. Pali ina yopyapyala ngati chingwe cha nsapato, imakhota yokha. Dzanja lamanzere limatsogolera, chala chamanja chimatsatira chikusindikiza, pang'onopang'ono, osathamangira kumapeto. Yaikulu imabwera pambuyo, pamwamba pa yaing'onoyo. Kumapeto kupinda kakhutu kogwirira. Anamatula. "Yesani, bambo."

Ndinayesa. Anawerama, anayendetsa chikhadabo m'mphepete.

"Apa mwakoka," anatero motsitsa.

Ndinati sindinamve.

"Mwakoka, bambo. Matulani."

Ndinamatula. Kachiwiri, tepi yalowa kwambiri pa penti. Matulani. Kachitatu, rabala akuonekera pakona. Matulani. Pofika kachinayi anali atasiya kunena pepani. Maondo ali moto, thukuta likulowa m'maso, ndipo mumtima ndinamutukwana kangapo, iye ndi chitseko chake chomwe.

Kachisanu anayendetsa chikhadabo kuyambira pamwamba mpaka pansi, kubwereranso. Anaimirira, kupita ku benchi, kutenga makina. Madontho anayi. Anayatsa, nkuyendetsa siponji m'mphepete penipeni mwa tepi yanga, kutsika nayo mpaka pokhota paja. Siponji inadutsa, inabwerera, inadutsanso. Tepi ili phee.

Anazimitsa.

"Bambo, musaime kumbuyo kwanga, simuona kanthu kumeneko. Bwerani mbali ino. Yang'anani dzanja lamanzereli."

Ndinasuntha.